Mwana wanga akuti nyenyezi zimabadwa, ndipo ayironi wa m'magazi anachokera kumeneko. N'zoona?

MayiWaChibavi
Abale anga a pagulu, ndithandizeni. Dzulo magetsi atazima tinali panja tikuphika pambaula, ndiye kumwamba kunayera, nkhungu ija yatikwana sabata yonseyi kunalibe. Mlalang'amba unaoneka bwinobwino, utadutsa pamwamba pa nyumba ngati utsi. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti, "Amayi, mukuona mwakuda mmenemo? Mukubadwa nyenyezi." Ine ndinati nyenyezi sizibadwa, zilipo basi. Iye n'kuonjezera kuti ngakhale ayironi amene ndinkalandira kusikelo ndili ndi pakati pa mng'ono wake anapangidwa mkati mwa nyenyezi. Akuti anawerenga pafoni. Sindinalimbane naye chifukwa mwanayu amakonda sayansi ndipo sindifuna kumugwetsa ulesi, komanso sindifuna azingomeza chilichonse cha pafoni. Odziwa, zoona zake n'ziti?

KabazaZolozolo
Mwanayo ali ndi mutu, musamuletse. Koma za ayironizo ndakayika. Mapilitsi amapangidwa kufakitale.

MphunzitsiKatoto
Mayi, mwana wanu sananame pa ziwiri zonsezo. Ndiyambe ndi kubadwa.

Malo akudawo si mabowo. Ndi mitambo ya gasi ndi fumbi imene ikutchinga kuwala kwa nyenyezi za kuseri kwake. Mitamboyo ndi yozizira koopsa, madigiri pafupifupi 260 pansi pa ziro. Gasi wozizira choncho alibe mphamvu yobalalika, ndiye mphamvu yokoka imamugonjetsa. Mtambo umayamba kudzikundika, n'kugawikana timibulu, ndipo kambulu kalikonse kamatentha pamene kakupanikizika. Pakati pake pakafika madigiri pafupifupi 10 miliyoni, haidirojeni amayamba kuphatikizana n'kusanduka hiliyamu. Pamenepo nyenyezi yayaka. Mu Mlalang'amba wathu wonse, gasi amene amasanduka nyenyezi pa chaka ndi wolemera ngati dzuwa limodzi kapena awiri. N'zochepa mukaganizira kuti muli nyenyezi zoposa 100 biliyoni, koma ntchitoyo siima.

A Kabaza, fakitale imangotenga ayironi wa m'nthaka n'kumukonza. Funso la mwanayo ndi loti m'nthakamo analowa bwanji. Chilengedwe chitangoyamba, zaka 13.8 biliyoni zapitazo, kunali haidirojeni magawo atatu mwa anayi, hiliyamu gawo limodzi, ndi kalithiyamu pang'ono. Kaboni kunalibe, okosijeni kunalibe, ayironi kunalibe. Zimenezi zinaphikidwa pambuyo pake mkati mwa nyenyezi. Mu 1957 akatswiri anayi, Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge, William Fowler ndi Fred Hoyle, analemba mwatsatanetsatane mmene kuphikako kumayendera, ndipo Fowler analandira mphoto ya Nobel mu 1983.

MkuluWaMpingo_Luwinga
Aphunzitsi, ndakumvani, koma tisamale ndi ana. Genesis akunena kuti nyenyezi zinalengedwa tsiku lachinayi. Tikayamba kuwauza kuti zimangodzibadwira m'fumbi, mawa adzati Mlengi n'ngwachiyani.

NamwinoWaUsiku
Bambo mkulu, ine ndimabadwitsa ana pafupifupi usiku uliwonse. Ndikudziwa mmene mwana amakulira m'mimba sabata ndi sabata, koma sindinasiye kupemphera. Kudziwa njira sikukana mwini njira.

MkuluWaMpingo_Luwinga
Pamenepo sinditsutsa, amayi. Nkhawa yanga ndi kaphunzitsidwe. Ena amaiphunzitsa nkhaniyi monyoza chikhulupiriro cha makolo a mwanayo, ndipo mwana amabwera kunyumba atasokonezeka.

MphunzitsiKatoto
Wonyozayo ndiye walakwa, bambo. M'kalasi mwanga ndimaphunzitsa zimene zinayezedwa, za chikhulupiriro ndimasiyira makolo ndi mipingo.

GogoWaEkwendeni
Ine chimene chandisangalatsa n'chakuti mwana wa masiku ano wayang'ana kumwamba. Ife tinkadziwa Nsangwe, tinkadziwa Akamwiniatsatana, Nthanda ikatuluka m'mamawa amayi ankatidzutsa kuti tilawire kumunda. Ena mwa mayina amenewa ali ngakhale m'buku la Yobu. Lero mufunse mdzukulu wanga kuti Nsangwe ili kuti, akuyang'anani ngati mwalankhula chilendo.

Mzuni_Fizikisi
Agogo, mwatchula malo abwino kwambiri. Pafupi ndi nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana pali kamzere kena ka nyenyezi zing'onozing'ono, ndipo yapakati pa kamzereko imaoneka yachimbuuzi. Imeneyo si nyenyezi imodzi, ndi mtambo umene azungu amati Orion Nebula. Kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 1,350 kuti kufike kuno, ndipo mkati mwake muli nyenyezi zakhanda mazanamazana. Nsangwe nayo ndi ana a mtambo umodzi, a zaka pafupifupi 100 miliyoni. Dzuwa lathu lili ndi zaka 4.6 biliyoni, ndiye Nsangwe ndi makanda enieni.

Kalulu265
Nanga ija imagwa usiku ija? Kwathu amati munthu wamwalira.

Mzuni_Fizikisi
Ija si nyenyezi, achimwene. Ndi kamwala, nthawi zambiri kochepa ngati mchenga, kakupsa mumlengalenga mwathu muno. Nyenyezi yeniyeni ikamafa zimakhala zina.

KabazaZolozolo
Chabwino, koma anapitako ndani kukatapa? Munthu uli pansi pano, udziwa bwanji kuti m'nyenyezi muli ayironi kapena okosijeni? Apa ndi pamene ine ndimaona ngati ophunzira amangogwirizana zonena.

MphunzitsiKatoto
Funso limenelo ndi loyenera ndipo yankho lake mukhoza kuliyesa madzulo ano. Tengani mchere muwaze pa moto wa gasi kapena pa lawi la mbaula, lawilo lisanduka lachikasu. Waya wa kopa amapereka lobiriwira. Chinthu chilichonse chikatentha chimatulutsa mitundu yakeyake ya kuwala, ngati chidindo cha chala. Mu 1814 Joseph von Fraunhofer anamwaza kuwala kwa dzuwa ngati utawaleza n'kupezamo timizere takuda tambirimbiri. Cha mu 1859 Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen, yemwe uja dzina lake lili pa choyatsira moto cha mu labu ya kusekondale, anaonetsa kuti timizereto tikugwirizana ndi zinthu zimene tili nazo pansi pano.

Umboni umene ine umandigwira mtima ndi wa hiliyamu. Mzere wake unaoneka m'kuwala kwa dzuwa mu 1868, pamene padziko palibe amene anali atamuonapo. Anadzamupeza pansi pano mu 1895. Akanakhala kuti amangogwirizana zonena, sakanalosera chinthu chimene chinadzapezeka patapita zaka 27. Kenako mu 1925 mtsikana wina, Cecilia Payne, anawerenga timizere tomweto n'kupeza kuti nyenyezi ndi haidirojeni ndi hiliyamu pafupifupi zonse. Akuluakulu anayamba amukayikira, pambuyo pake anavomera.

KabazaZolozolo
Za mchere ndiyesa. Zikakanika ndibweranso.

DalaivalaWaM1
Ine funso langa ndi lina. Pazithunzi Mlalang'amba amaujambula ngati nkhata yokhala ndi mikono yopindika. Koma kumwamba timaona mzere umodzi wowongoka. Cholondola n'chiti?

Mzuni_Fizikisi
Zonse ziwiri, adada. Mlalang'amba ndi wophwatalala ngati lichero, wotupa pakati. Kuwala kumatenga zaka pafupifupi 100,000 kuti kuudutse, ndipo ife tili mkati mwa licherolo, zaka za kuwala 26,000 kuchokera pakati. Nyerere ili m'lichero singaone kuzungulira kwake, imangoona mzere. Miyezi ino ya June mpaka August madzulo, mbali yowala kwambiri ija imene imakwera pamwamba chakummwera ndiye pakati pa Mlalang'amba. Kuno timaiona bwino kuposa a ku Ulaya.

Mikono inayamba kuoneka pa milalang'amba ina. Mu 1845 Lord Rosse ku Ireland anaona kupindikako pa umene umatchedwa M51. Ya kwathu inadziwika bwino pambuyo pa 1951, atayamba kumva mafunde a wailesi a masentimita 21 amene haidirojeni amatulutsa, chifukwa mafundewo amadutsa fumbi.

Tsono mikonoyo ndi imene ikukhudza funso la mayi aja. Nyenyezi zapafupi ndi pakati zimamaliza kuzungulira msanga kuposa zakunja. Dzuwa limatenga zaka pafupifupi 230 miliyoni kuzungulira kamodzi, ndiye lazungulira kale maulendo ngati 20. Mikono ikanakhala nyenyezi zomwezomwezo, bwenzi itakulungika kalekale ngati ulusi. Mu 1964 C. C. Lin ndi Frank Shu anati mkono si chinthu, ndi malo othithikana. Inu adada mukudziwa bwino: thiraki ya matabwa ikamakwera phiri ku Chikangawa, magalimoto amaunjikana kumbuyo kwake. Ina ikupitirira, ina ikufika. Muluwo ulipobe koma magalimoto ake akusinthasintha. Gasi akalowa mu muluwo amapanikizika, mitambo imakundikana, nyenyezi n'kuyaka. Zikuluzikulu zabuluu zimafa zisanapite patali, n'chifukwa chake mikono imawala kuposa malo ena.

DalaivalaWaM1
Yewo chomene, za thirakizo ndamva msanga. Ndinakhalapo kumbuyo kwa imodzi kuchokera ku Elephant Rock mtunda wautali ndithu, nkhungu ili tolo.

InjiniyaMchengautuwa
A Mzuni, musaipereke ngati nkhani yotha. Za Lin ndi Shu zimakwanira bwino pa milalang'amba ya mikono iwiri yooneka bwino, ndipo ngakhale M51 yemweyo ali ndi mnzake wamng'ono pambali amene akumukoka. Ina mikono yake ndi yodukaduka ngati thonje. Ndipo akayerekezera pakompyuta, kawirikawiri mikono imabadwa, n'kutha, n'kubadwanso. Palinso mkangano woti kodi mkono umachulukitsadi kubadwa kwa nyenyezi, kapena umangosonkhanitsa gasi amene akanabala nyenyezi ngakhale kwina. Msika wa Mzuzu uli ndi malonda ambiri chifukwa anthu ndi ambiri, osati kuti munthu akalowamo njala imakula.

Mzuni_Fizikisi
Mwanena zoona, akulu, ndinafupikitsa. Chimene sichitsutsika n'chakuti pamene gasi wachuluka, nyenyezi zimabadwa zambiri, ndipo zimachuluka mopitirira kuchuluka kwa gasiyo. Maarten Schmidt ananena zimenezi mu 1959, Robert Kennicutt n'kudzaziyeza pa milalang'amba yambiri mu 1998. Koma sindikuvomera kuti mkono ndi msika chabe. Kusonkhanitsa gasi wobalalika kuti akhale mitambo ikuluikulu ndi ntchito kale.

InjiniyaMchengautuwa
Ndi ntchito, inde. Funso ndi loti pa gasi wofanana, mkono umabala zambiri kodi? Poyeza milalang'amba yapafupi kusiyanako nthawi zambiri kumapezeka kochepa.

AchemwaliMasasa
Inu mukukamba za kumwamba, ife kuno magetsi sanayakebe chizimire dzulo. Nyama yanga ya bizinesi m'firiji yayamba kununkha.

Kalulu265
Pepani achemwali. Ikani sola, ngakhale yaing'ono.

AchemwaliMasasa
Sola ndi chiperoni chino? Dzuwa lenilenilo taliona liti? Ndipo sola yoyendetsa firiji mtengo wake mukuudziwa?

DalaivalaWaM1
Iwambeni nyamayo lero lomwe, musadikire. Makala a ku Mpherembe ndikubwera nawo mawa ngati mukufuna.

MayiWaChibavi
Achemwali pepani ndithu, kwathu anayaka cha m'ma 4 m'mawa. Koma aphunzitsi, za ayironi simunamalize. Nyenyezi yaphika, chabwino. Nanga zimatuluka bwanji kuti zifike m'magazi mwanga? Mwanayu abwera madzulo ndipo ndikufuna ndimuyankhe ndekha.

MphunzitsiKatoto
Zimatuluka nyenyezi ikamafa, ndipo imfa zake n'zosiyana. Apa ndi pamene nkhaniyi imakoma.

Nyenyezi yolemera kuposa dzuwa ka 8 kapena kupitirira imadya msanga, imangokhala zaka mamiliyoni ochepa kapena makumi angapo a mamiliyoni. Ikatha haidirojeni imaphika hiliyamu kukhala kaboni ndi okosijeni, kenako zolemerapo, mpaka pakati pake padzaze ayironi. Ayironi saperekanso moto. Pakatipo pamagwa m'kanthawi kochepa, nyenyezi n'kuphulika. Kuphulikako amati supernova. Okosijeni wambiri amene tikupumayu anachokera ku imfa zotere. Akuluakulu ena mwina mukukumbukira February 1987, pamene ina inaphulika mu kamtambo kowala kakummwera kaja, Large Magellanic Cloud, n'kuoneka ndi maso kwa anthu a kummwera kwa dziko.

Nyenyezi zapakatikati ngati dzuwa siziphulika. Zimatupa, n'kuvula zikopa zake pang'onopang'ono, ndipo mmenemo mumatuluka kaboni ndi naitirojeni wambiri. Chotsala ndi kanyenyezi koyera kolimba. Kameneka kakakhala ndi mnzake pafupi n'kumamubera gasi, kapena tiwiri tikagundana, kamaphulika konse, ndipo kuphulika kwa mtundu umenewu ndi kumene kunapereka gawo lalikulu la ayironi wa mu Mlalang'amba. Koma kumachedwa, kumadikira zaka mamiliyoni mazanamazana ngakhale mabiliyoni.

Zonsezi zimasakanikirana ndi gasi, mitambo yatsopano n'kupangika, nyenyezi zina n'kubadwa zitatengera za makolo. Dzuwa ndi dziko lathu zinabadwa mu mtambo umene unali utalandira kale za mibadwo yambiri. Ayironi wa m'mapilitsi anu, wa m'khasu, ndi dzimbiri la pamalata, yense ndi wakale kuposa dzuwa.

NamwinoWaUsiku
Munthu wamkulu ali ndi ayironi magalamu 3 kapena 4 okha m'thupi lonse, wambiri ali m'magazi. Akachepa, mayi woyembekezera amafooka, zikhatho zimayera, ndipo pobereka zimavuta. Ndawaona ambiri amataya mapilitsiwo kuti akuwachititsa nseru. Mawa ndikawauza kuti kanthu kameneka kanayenda ulendo wotani, mwina ena amwa.

MlimiNkhorongo
Ndiye kuti Urea ndikugula mokwera mtengoyu, naitirojeni wake ndi zikopa za nyenyezi? Koma ine ndaimva ngati munda. Mapesi ukawakwirira, chaka chamawa nthaka yanona. Ndiye Mlalang'amba ukunka nunona chaka ndi chaka?

Mzuni_Fizikisi
Mwaigwira, bambo, ndipo zimayezeka. Mu 1944 Walter Baade anaona kuti nyenyezi zili m'magulu awiri, za m'mikono ndi za pakati ndi m'mbali mozungulira. Pambuyo pake kunadziwika kuti gulu lachiwirilo ndi nkhalamba. Pali nkhalamba zina zimene ayironi wake safika gawo limodzi mwa 1,000 la wa dzuwa, chifukwa zinabadwa munda usananone. Ngakhale dzuwa lenilenilo, zolemera kuposa hiliyamu sizifika 2 pa 100 alionse.

Kuchedwa kwa ayironi kumene aphunzitsi anena kuli ngati wotchi. Nyenyezi yokhala ndi okosijeni wambiri poyerekeza ndi ayironi inabadwa kale, zophulika mochedwa zija zisanayambe. Ndipo munda sunona mofanana. Pafupi ndi pakati pa mlalang'amba gasi ndi wonona, ukamapita kumphepete akunka nasuluka. Leonard Searle anaonetsa zimenezi mu 1971 poyeza mitambo yowala ya m'milalang'amba ina. Chifukwa chake n'chakuti pakati panayamba kale kubala, kunja kunachedwa ndipo kukukulabe. Zili ngati munda wapakhomo ndi mphanje yatsopano.

MlimiNkhorongo
Koma munda ukangolima osaonjezera kanthu umatha. Gasiyo satha?

InjiniyaMchengautuwa
Funso lanulo linawasowetsa tulo akatswiri, bambo. Poyamba ankawerengera ngati Mlalang'amba ndi mphika wovundikira: gasi yense analipo pachiyambi, palibe cholowa, palibe chotuluka. Masamu a mphika wotero amati pafupi ndi dzuwa payenera kukhala nyenyezi zambiri zakale zosauka ayironi, chifukwa zing'onozing'ono zimakhala zaka mabiliyoni ambiri ndipo zikanakhalapobe. Sidney van den Bergh mu 1962 ndi Schmidt mu 1963 anawerenga n'kupeza kuti ndi zochepa kwambiri kuposa mmene masamu amanenera.

Yankho limene ambiri amalandira n'lakuti mphikawo ndi wosavundikira. Lichero linayamba ndi gasi wochepa, amene ananona msanga nyenyezi zisanabadwe zambiri, ndipo gasi watsopano wakhala akugwera kuchokera kunja pang'onopang'ono. Ganizirani ndiwo zimene wina akuthira mchere, wina akuonjezera madzi. Mcherewo sukwera msanga ngakhale ukuthiridwabe. Palinso kutayika, chifukwa zophulika zija zimaponya gasi kunja kwa lichero, wina amabwerera, wina ayi. Amene anayala masamu a zimenezi mwadongosolo ndi Beatrice Tinsley, mayi wokulira ku New Zealand. Anamwalira ndi khansa mu 1981 ali ndi zaka 40 zokha, ndipo zimandipweteka kuti ana athu sadziwa dzina lake.

MlimiNkhorongo
Ndiye si munda wakumtunda, ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje. Madzi amabwera ndi zake, amapitanso ndi zake.

Kalulu265
Nanga yureniyamu wa ku Kayelekera? Aphunzitsi mwati moto umathera pa ayironi.

MphunzitsiKatoto
Mwamvetsera bwino. Zolemera kuposa ayironi zimapangidwa njira ina, atomu ikamameza manyutironi, tizidutswa timene timapezeka pakati pa atomu. Zina zimapangidwa pang'onopang'ono m'nyenyezi zokalamba zotupa zija. Koma yureniyamu ndi golide wambiri amafuna manyutironi ochuluka nthawi imodzi. Pa 17 August 2017 makina a LIGO ndi Virgo anamva kugundana kwa mitima iwiri yotsala ya nyenyezi zophulika, mu mlalang'amba wa NGC 4993, zaka za kuwala pafupifupi 130 miliyoni kuchokera kuno. Matelesikopu atalozako anaona kuwala kogwirizana ndi zinthu zolemera zongopangidwa kumene. Ndiye miyala ya ku Karonga ija ili ndi zotsala za ngozi ya mtundu umenewo kapena yofanana nayo, imene inachitika dzuwa lisanabadwe.

KabazaZolozolo
Ndabwera. Mchere ndawaza pa kasitovu ka gasi ka neba, lawi labuluu lasanduka chikasu ndithu. Koma za mabiliyoni a zakazo ndikufunabe kumva anawerenga bwanji.

Mzuni_Fizikisi
Yureniyamu yemweyo, achimwene. Amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, ndiye ukayeza ziwirizo m'miyala yogwa kuchokera kumwamba umapeza zaka zake. Clair Patterson anachita zimenezi mu 1956 n'kupeza zaka 4.55 biliyoni. Za nyenyezi zina ndi nkhani yaitali, tidzaiyambe payokha.

GogoWaEkwendeni
Mwanayo mudzabwere naye kuno mwezi ukakhala mumdima. Ku Ekwendeni kuseri kwa nyumba yanga kulibe magetsi a mumsewu, Mlalang'amba umachita kuoneka ngati ufa wotayika. Ine ndimuonetse mayina athu, a Mzuni amuonetse mitambo yawoyo.

MayiWaChibavi
Zikomo nonse. Wabwera ndipo ndamuuza za imfa ziwiri zija, ya okosijeni ndi ya ayironi. Wadabwa kuti ndazidziwa bwanji, ndiye wakhala pansi wawerenga zonse, mpaka za nyama ya achemwali. Za Beatrice Tinsley walemba m'kope. Tsopano akufunsa ngati mlalang'amba wina ungaoneke ndi maso, popanda makina. Agogo, tibwera ndithu sukulu akatsekera.

Mzuni_Fizikisi
Ungaoneke. Andromeda, wa mikono ngati wathu, zaka za kuwala 2.5 miliyoni, koma madzulo amaoneka bwino mu October ndi November, chakumpoto, ngati kadontho ka utsi. Timitambo tiwiri ta Magellan nato ndi nthawi yomweyo, chakummwera. Za mwezi uno muuzeni ayang'ane pafupi ndi nyenyezi zinayi za mtanda kummwera kukangoda, aona chibanga chakuda bii pambali pake, umenewo ndi mtambo wa fumbi. Akafuna wa Akamwiniatsatana adzuke cha m'ma 4 koloko mu August, ayang'ane kummawa. Ulendo wa ku Ekwendeni mundiuze tsiku, ndibwereka mabainokyula kwa mnzanga. Avale juzi ziwiri.